Mmene Mungadyetsere Mabakiteriya Abwino a M'matumbo Mwanu

Munthu wamkulu amayenda ndi mabakiteriya pafupifupi 38 thiliyoni, malinga ndi mawerengedwe amene asayansi a ku Weizmann Institute ku Israel anatulutsa mu 2016. Ambiri amakhala m'matumbo aakulu, ndipo onse pamodzi amalemera magalamu pafupifupi 200. Ntchito yawo ndi kumalizitsa chakudya chimene mimba ndi matumbo aang'ono zalephera kugaya. Akamadya zotsalazo amatulutsa timaasidi totchedwa butyrate, acetate ndi propionate. Butyrate ndiye chakudya chachikulu cha maselo a khoma la matumbo aakulu, ndipo khomalo likamadya mokwanira limakhala lolimba. Mabakiteriyawa amapanganso vitamini K ndi mavitamini ena a gulu la B, komanso amadzaza malo moti tizilombo toyambitsa matenda timasowa pokhala.

Maprobayotiki ndi tizilombo tamoyo timene timathandiza thupi munthu akatimwa pa mlingo wokwanira. Umu ndi mmene mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi zaumoyo, FAO ndi WHO, anawafotokozera mu 2001. Koma mlendo ndi mame: tizilombo ta m'kapisozi kapena mu yogati timagwira ntchito podutsa, ndipo mukasiya kumwa, tambiri timatha m'matumbo pakapita masiku angapo kapena masabata ochepa. Eni khomo ndi aja mwakhala nawo kuyambira ubwana, ndipo amadalira zimene mumaika m'mbale tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake malangizowa akuyambira pa chakudya, makapisozi akubwera kumapeto.

Choyamba: dziwani pamene mukuyambira

Kwa masiku atatu musasinthe kanthu. Ingolembani zimene mwadya, kangati mwapita kuchimbudzi, ndi mmene chimbudzicho chinaonekera. Kupita katatu pa tsiku mpaka katatu pa sabata kuli bwinobwino, bola musamachite kudzikakamiza. Chimbudzi chabwino chimakhala chofewa koma choumbika, ndipo chimatuluka mosavuta. Chikamatuluka ngati timiyala touma, ndiye kuti chikukhalitsa m'matumbo. Chikakhala chamadzimadzi, chikudutsa mofulumira kwambiri.

Pali zizindikiro zimene chakudya sichingakonze, ndipo mukaziona musataye nthawi ndi yogati: magazi m'chimbudzi, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kuwonda popanda chifukwa, kupweteka kwa m'mimba kokudzutsani usiku, kuvutika kumeza, kapena kusintha kwa kapitidwe ka kuchimbudzi kwa masabata angapo, makamaka ngati mwapitirira zaka 50. Zimenezi n'zofunika dokotala kaye.

Chachiwiri: onjezerani faiba pang'onopang'ono

Faiba ndi mbali ya zomera imene thupi lathu siligaya, monga khungu la nyemba, gaga wa mbewu ndi ulusi wa masamba. Ndiye chakudya chenicheni cha mabakiteriya a m'matumbo aakulu. Nyama, mazira, nsomba, mafuta ndi shuga zilibe faiba ngakhale pang'ono. WHO imalangiza munthu wamkulu kudya magalamu osachepera 25 a faiba pa tsiku, komanso magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso.

Kuti muone kukula kwa magalamu 25, werengani motere. Theka la kapu ya nyemba zophika lili ndi magalamu 6 mpaka 8. Apozi limodzi lodya ndi khungu lomwe lili ndi pafupifupi 4, nthochi imodzi 3, theka la peyala pafupifupi 5, ndipo phala la magalamu 40 a oats lili ndi 4. Dzanja limodzi la mtedza limapereka 2 kapena 3. Munthu amene wadya phala la oats m'mawa, nyemba masana, masamba madzulo ndi zipatso ziwiri pakati amakhala wayandikira mlingowu popanda kugula mankhwala alionse.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amamva kuti faiba ndi wabwino, mawa lake n'kudya mbale yodzaza nyemba, kabichi ndi buledi wabulauni. Pofika madzulo mimba yafufuma ngati ng'oma, mpweya uli thoo, ndipo amagamula kuti zakudya zimenezi siziwayanja. Chimene chachitika n'chakuti mabakiteriya alandira chakudya chambiri nthawi imodzi, n'kuchiwiritsa mofulumira, ndipo mpweya wa hydrogen ndi carbon dioxide wachuluka matumbo asanazolowere. Njira yake ndi kuonjezera magalamu pafupifupi 5 okha pa sabata. Sabata yoyamba onjezani chipatso chimodzi pa tsiku. Yachiwiri, masipuni atatu kapena anayi a nyemba. Yachitatu, sinthani buledi woyera ndi wa tirigu wosakonola, kapena mpunga woyera ndi wabulauni. Yachinayi, onjezerani nyemba zija zifike theka la kapu. Mpweya ukachuluka mpaka kukusowetsani mtendere, bwererani pa mlingo wa sabata yapitayo, mukhalepo masiku ena asanu ndi awiri. Kwa anthu ambiri mpweya umachepa wokha pakapita masabata awiri kapena atatu.

Faiba amayenda ndi madzi. Amayamwa madzi ngati siponji, ndipo akawasowa amauma n'kukudzimbirani kuposa kale. Imwani malita 1.5 mpaka 2 pa tsiku, kapena kuposa pamenepa kukatentha, pokhapokha ngati dokotala anakuikirani malire chifukwa cha matenda a impso kapena a mtima. Mkodzo wooneka wachikasu chotuwa ndi umboni woti madzi akukwanira.

Nyemba zili ndi kaphikidwe kake kochepetsa mpweya. Zili ndi timashuga totchedwa raffinose ndi stachyose timene thupi silitha kugaya, koma timasungunuka m'madzi. Ziviikeni maola 8 mpaka 12 m'madzi ochuluka katatu kuposa nyembazo, tayani madziwo, zitsukeni, n'kuziphika m'madzi atsopano. Ziwire mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto, makamaka nyemba zofiira, chifukwa zikapsa mwatheka zimakhala ndi poizoni wosanzitsa. Zapsa ngati mbewu imodzi ikuphwanyika mosavuta mukaifinya ndi zala ziwiri. Ngati nyemba zazikulu zikukuvutanibe, yambani ndi mphodza, zimene ambiri amaziona kuti n'zopepuka m'mimba.

Chachitatu: sinthasinthani zomera

Mtundu uliwonse wa mabakiteriya uli ndi chakudya chimene umakonda, choncho mbale yofanana tsiku lililonse imadyetsa mitundu yochepa. Kafukufuku wa American Gut Project, amene anatuluka mu 2018, anapeza kuti anthu odya mitundu ya zomera yoposa 30 pa sabata anali ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya kuposa odya mitundu 10 kapena yocheperapo. Nambala ya 30 isakuopseni. Anyezi, tomato, adyo ndi tsabola za mumphika umodzi ndi mitundu inayi kale, ndipo mbewu, mtedza, nthanga za maungu ndi zokometsera zimawerengedwanso.

Mitundu ina ya faiba imakondedwa kwambiri ndi mabakiteriya othandiza otchedwa Bifidobacterium. Asayansi Glenn Gibson ndi Marcel Roberfroid anaipatsa dzina loti maprebayotiki mu 1995. Imapezeka mu anyezi, adyo, tirigu, balere, nyemba ndi nthochi, ndipo kuphika sikuiwonongeratu. Palinso sitachi wosagayika, amene amapezeka mu nthochi zosapsetsa komanso amapangika mbatatesi kapena mpunga zikaphikidwa n'kuzizira. Ndi mpunga samalani: ulowe m'firiji pasanathe ola limodzi kapena awiri mutauphika, ndipo muudye pofika mawa lake. Mpunga wogona pamalo ofunda umameretsa bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus, amene poizoni wake saphedwa ndi kutenthetsanso.

Chachinayi: zakudya zosasitsa, pang'ono tsiku lililonse

Maganizo akuti mkaka wosasa umathandiza m'matumbo ndi akale. Élie Metchnikoff wa ku Pasteur Institute ku Paris anawafalitsa cha m'ma 1907 poona alimi a ku Bulgaria. Umboni wina wooneka bwino unabwera mu 2021 kuchokera ku Stanford University. Anthu 36 anagawidwa pawiri kwa masabata 10, ndipo gulu limene linkadya zosasitsa zambiri, monga yogati, mkaka wosasa wakumwa wotchedwa kefir ndi masamba osasitsa, linaonjezekera mitundu ya mabakiteriya, zizindikiro za kutupa m'magazi n'kutsika. Anthuwo anali ochepa, choncho sitingamangirepo malonjezo aakulu, koma zotsatirazo n'zokwanira kuti munthu ayesere.

Si chakudya chilichonse chowawasa chimene chili ndi tizilombo tamoyo. Masamba oviikidwa mu viniga alibe. Buledi amafufuma ndi yisiti, koma uvuni imapha zonse. Yogati wokhala pashelefu kwa miyezi popanda firiji anatenthetsedwa atasasa kale. Pogula, tengani wa m'firiji, amene chizindikiro chake chikunena kuti muli tizilombo tamoyo, ndipo akhale wopanda shuga. Yambani ndi theka la kapu pa tsiku. Anthu ambiri amene mkaka umawatsegula m'mimba amatha kudya yogati bwinobwino, chifukwa mabakiteriya ake amakhala atadyako shuga wa mumkaka ndipo amathandiza kugaya wotsalayo.

Kupanga yogati panyumba kumafuna lita imodzi ya mkaka ndi masipuni aakulu awiri a yogati wamoyo wopanda zokometsera, amene ndiye mbewu yake. Tenthetsani mkaka mpaka madigiri 85, pamene timathovu tayamba kuoneka m'mbali mwa poto, ndipo muusunge pamenepo mphindi 10 mukutakasa kuti usapserere. Kutenthaku kumapha tizilombo tosafunika komanso kumasintha mapuloteni a mkaka kuti yogati adzagwirane. Uziziritseni ufike madigiri 43 mpaka 45. Ngati mulibe choyezera, chala chotsuka bwino chizitha kukhala mumkakamo masekondi 10 osapsa. Tungani kapu imodzi ya mkakawo, sungunuliranimo yogati uja, n'kubwezera mupoto. Thirani m'botolo loyera, tsekani, kulungani ndi thaulo kapena bulangete, kapena thirani mufulasiki, ndipo musaligwedeze kwa maola 6 mpaka 10. Akalimba, alowe m'firiji maola anayi musanadye.

Ogwira ntchitoyi ndi mabakiteriya awiri, Lactobacillus bulgaricus ndi Streptococcus thermophilus, ndipo onse amakonda kufunda. Yogati akakana kulimba, kawirikawiri botolo linazizira msanga, kapena munathira mbewu mkaka ukadali wotentha kwambiri n'kuipha, kapena yogati woyambirayo anali wakufa kale. Mkaka wa ng'ombe imene ikulandira maantibayotiki nawonso sugwira. Madzi achikasu akalekana kwambiri ndipo yogati n'kukhala wa mibulumibulu, kutentha kunapitirira kapena anakhalitsa. Madziwo ndi abwino, ingotakasani. Akamananda ngati ulimbo, anasasa pozizira kwambiri kapena munalowa tizilombo tina, ndipo musamutengenso ngati mbewu. Fungo lowola kapena madontho apinki, obiriwira kapena akuda ndiye kuti ndi wotaya yense. Mbewu yochokera mu yogati wanu mungaibwereze maulendo anayi kapena asanu, kenako yambaninso ndi watsopano.

Kabichi wosasitsa, amene ku Germany amamutcha sauerkraut, safuna mbewu iliyonse, chifukwa mabakiteriya ake ali kale pamasamba. Chinsinsi chili pa mchere: magalamu 20 pa kilogalamu imodzi ya kabichi, kutanthauza sipuni yaikulu imodzi yodzadza pang'ono. Ngati muli ndi sikelo, yezani. Dulani kabichi mopyapyala, wazani mcherewo, n'kumufinya ndi manja kwa mphindi 5 mpaka 10. Poyamba amalira khwapukhwapu m'manja, kenako amafota, madzi n'kuyamba kudontha pakati pa zala. Mulongedzeni m'botolo lagalasi la pakamwa papakulu, mukukanikiza ndi chibakera kuti musatsale mpweya, mpaka madzi akwere pamwamba pa kabichi. Siyani mpata wa masentimita 4 kukamwa, yalani tsamba lathunthu pamwamba, n'kutsindira ndi kabotolo kodzaza madzi. Ngati madzi ake sanakwane, sungunulani magalamu 20 a mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, muonjezere.

Ikani botolo pambale, pamthunzi, pamalo a madigiri 18 mpaka 22. Masiku oyamba mudzaona thovu likukwera ndipo madzi angasefukire. Ameneyo ndi bakiteriya wotchedwa Leuconostoc mesenteroides wayamba ntchito, ndipo pambuyo pake mabakiteriya opirira asidi, monga Lactobacillus plantarum, amalanda malo. Chivundikiro chisamangidwe kwambiri, kapena muzichimasula kamodzi pa tsiku. Lawani pa tsiku la 7. Pamalo ozizira bwino amakoma pakati pa masabata awiri ndi anayi, koma kukamatentha kuposa madigiri 25 yambani kulawa pa tsiku la 4, chifukwa amafewa msanga. Akafika powawasa mmene mukufunira, alowe m'firiji.

Lamulo lake lalikulu n'lakuti kabichi akhale pansi pa madzi nthawi zonse. Kachidutswa koyandama n'kamene kamachita chuku. Kakhungu koyera, kosalala, kopyapyala pamwamba pa madzi ndi yisiti wamba, ndipo mungangokayengula. Chuku chaubweya, chobiriwira, chakuda kapena chapinki chikaoneka, tayani botolo lonse. Kabichi woterera ndi wonunkha chivundi anachepa mchere kapena anatenthedwa. Wosasasa n'komwe patatha sabata anachuluka mchere kapena ali pozizira kwambiri. Idyani sipuni imodzi kapena ziwiri pa tsiku, wosaphika, popeza moto umapha tizilomboto. Odwala kuthamanga kwa magazi akumbukire kuti mchere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, ndipo mchere wa m'kabichiyu umawerengedwa momwemo.

Chachisanu: makapisozi, ngati pali chifukwa

Munthu wathanzi amene akudya bwino safunika makapisozi a maprobayotiki. Mu 2020 bungwe la American Gastroenterological Association linaunika umboni umene unalipo ndipo silinawavomereze pa matenda ambiri a m'mimba. Pamene umboni uli wooneka ndi pa kupewa kutsegula m'mimba kobwera ndi maantibayotiki, ndipo ngakhale pamenepo ndi mitundu ina yokha imene inayesedwa mokwanira. Iwiri yodziwika kwambiri ndi Lactobacillus rhamnosus GG ndi Saccharomyces boulardii.

Werengani botolo mosamala. Dzina likhale la magawo atatu: mtundu waukulu, mtundu waung'ono, ndi zilembo kapena manambala a kumapeto, monga GG uja. Botolo longolemba kuti Lactobacillus basi silikukuuzani kanthu, chifukwa zimene mtundu umodzi umachita sizipita kwa abale ake. Mayina ena anasintha mu 2020, choncho mukaona Lacticaseibacillus rhamnosus GG musadabwe, ndi yemweyo. Kuchuluka kwa tizilombo kumalembedwa ndi zilembo za CFU, ndipo nambala yofunika ndi imene idzakhalepo pa tsiku lotha ntchito, osati imene inalipo kufakitale. Mabiliyoni ambiri satanthauza mankhwala abwino kwambiri. Ngati palembedwa kuti asungidwe m'firiji, botolo limene lakhala padzuwa kapena m'galimoto yotentha lingakhale ndi tizilombo takufa tokhatokha.

Mukapatsidwa maantibayotiki, yambani probayotiki pasanathe masiku awiri, ndipo mupitirize sabata imodzi kapena ziwiri mutamaliza mankhwalawo. Siyanitsani ziwirizi ndi maola osachepera awiri, kuti mankhwala asaphe mabakiteriya amene mwangomeza. Saccharomyces boulardii ndi yisiti, choncho maantibayotiki samukhudza, koma mankhwala a mafangasi monga fluconazole amamupha. Probayotiki osamwera tiyi kapena chakumwa chilichonse chotentha. Dziwaninso kuti nkhaniyi ili ndi mbali ina: mu 2018 ofufuza a ku Weizmann anapeza kuti anthu amene anamwa chisakanizo cha mitundu 11 atamaliza maantibayotiki anachedwa kwa miyezi ingapo kubwezeretsa mabakiteriya awo akale. Choncho ngati maantibayotiki sakutsegulani m'mimba, chakudya cha faiba ndi yogati n'zokwanira. Chitetezo chachikulu ndi kusamwa maantibayotiki pa chimfine ndi matenda ena a mavairasi, pamene sathandiza n'komwe.

Kutsegula m'mimba kwamadzi katatu kapena kuposa pa tsiku, kobwera ndi kutentha thupi kapena kupotokola, pamene mukumwa maantibayotiki kapena patapita masabata angapo mutamaliza, kungakhale kwa bakiteriya woopsa wotchedwa Clostridioides difficile. Pitani kuchipatala, ndipo musamwe mankhwala oimitsa m'mimba monga loperamide musanaonedwe. Kwa mwana wotsegula m'mimba, chithandizo choyamba ndi madzi a ORS, kupitiriza kuyamwitsa ndi kudyetsa, komanso zinki kwa masiku 10 mpaka 14. Probayotiki salowa m'malo mwa zimenezi.

Pali anthu amene sayenera kumwa makapisozi amenewa popanda chilolezo cha dokotala, chifukwa tizilombo tamoyo tingalowe m'magazi: amene chitetezo cha thupi chatsika kwambiri, amene akulandira mankhwala a khansa, amene anaikidwa chiwalo cha munthu wina, odwala kwambiri amene ali ndi chubu cholowa mumtsempha waukulu, ndi makanda obadwa masiku asanakwane. Za makandawa bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku United States, linachenjeza mu 2023. Khanda loyamwa lili kale ndi chodyetsera mabakiteriya ake, popeza mkaka wa m'mawere uli ndi timashuga tapadera timene mwanayo sagaya koma timakulitsa Bifidobacterium.

Zikapanda kuyenda

Perekani masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi musanagamule, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, kuti mudziwe chimene chathandiza ndi chimene chakuvutani. Yerekezani ndi zimene munalemba masiku atatu oyamba aja. Ngati kudzimbidwa kukupitirira, onani madzi, yendani mphindi 20 mpaka 30 pa tsiku, ndipo musamaletse chimbudzi chikakupezani, makamaka mutangodya chakudya cham'mawa, pamene matumbo amadzuka okha. Funsaninso za mankhwala amene mukumwa: mapiritsi a ayironi ndi opha ululu a gulu la codeine amadzimbira kwambiri. Kapisozi amene mwamwa kwa masabata anayi osaona kusintha musiyeni.

Kwa anthu ena zakudya zomwe tazitamazi, anyezi, adyo, tirigu, nyemba ndi maapozi, zimangowonjezera ululu ndi kufufuma ngakhale ataonjezera pang'onopang'ono chotani. Izi zimachitika kawirikawiri kwa odwala matenda a matumbo osachedwa kunyanyuka, amene madokotala amawatcha IBS. Ofufuza a ku Monash University ku Australia anakonza kadyedwe kotchedwa low FODMAP, kamene munthu amachepetsa zakudya zoterezi kwa masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi, kenako n'kuzibwezera gulu limodzilimodzi kuti apeze chimene chikumuvuta ndi mlingo umene angapirire. Gawo lobwezeralo lisadumphidwe, chifukwa kukhalitsa pa kadyedwe kochepetsako kumachepetsa Bifidobacterium m'matumbo. Chitani zimenezi ndi katswiri wa kadyedwe, dokotala atatsimikiza kaye kuti palibe matenda ena. Pa nthawiyo faiba wofatsa, monga wa oats, karoti, mbatatesi ndi nthochi zosapsetsa, apitirire kupezeka m'mbale.